Galimoto ya atate ataipenta

Galimoto ya atate inalibe sitata. Ndiyambire pamenepo, chifukwa anthu akaisuzumira lero m'shedi muja ikung'anima ngati mbale ya m'sitolo amaganiza kuti inali choncho kuyambira kale. Sitata inafa ine ndisanamere ndevu, ndipo atate sanagule ina. Ankati n'kupusa kugula chitsulo choti chizigwira ntchito imene anthu akuigwira kale ndi manja.

Inali vaneti yakale, ya giya wa pachiwongolero, mpando umodzi wautali kutsogolo, kumbuyo kwapululu. Anaigula yotopa kale kwa mmwenye wina wa sitolo ku Katete. Mtundu wake weniweni palibe ankaudziwa. Pena panali poyera, pena pabuluu, pena dzimbiri lokhalokha. Chitseko cha kumanzere chinali chobiriwira chifukwa chinachokera ku galimoto ina imene inagubuduzika ku Sinda.

Kwathu ndi kumudzi, ukapatuka pa tala pakati pa Katete ndi Sinda, n'kutsika ndi msewu wafumbi mpaka kuwoloka dambo. Pabwalo pathu pali chulu chachikulu. Atate anachisalaza mbali imodzi kuti galimoto izigona pamenepo, mphuno italoza kumunsi, mwala uli pa tayala. Koma kutsetsereka kwake kunali kochepa. Pankafunika anthu.

Ndiye lamulo linali lakuti wokankha amakwera. Palibe analikhazikitsa, linangomera lokha. Wofuna kupita kuchipatala, kuchigayo, kumsika, ankabwera m'mawa n'kuima pachulu. Atate ali pa chiwongolero, mutu uli kunja kwa windo, akutukwana aulesi. Galimoto ikatsokomola n'kulira, aliyense ankathamangira kukwera kumbuyo. Wa katundu wolemera, mabelo a thonje kaya matumba a mtedza, ankakambirana ndi atate za petulo, imeneyo inali nkhani ina. Koma munthu ndi thupi lake chabe, akayika dzanja, wakwera. Azakhali anga, alongo awo a atate, miyendo itayamba kuwavuta ankangogusa ndodo yawo pa bodi n'kumati, “Ndakankha ine, onani thukuta.” Atate ankati, “Kwerani, mwatithandiza kwambiri, chipanda inu tikanagona pano.”

Pa chitseko cha kumbuyo panalibe penti, panalibenso dzimbiri. Manja a anthu anapakwecha mpaka chitsulo chinasalala n'kumawala chokha.

Ine sukulu ndinasiyira panjira. Mutu sunkagwira, komanso atate ankafuna munthu wogwira sipanala. Mng'ono wanga ndiye anapitiriza. Galimoto yomweyo ndi imene inkamutula ku sekondale ndi sutukesi yake ndi thumba la ufa. Lero ali ku Lusaka, amagwira mu ofesi, amavala wotchi yolemera. Sindidana naye. Ndinene msanga zimenezi chifukwa zikubwerazi zimveka ngati ndimadana naye.

Galimoto ija ndinkaidziwa kuposa mmene ndimadziwira thupi langa. Pansi, mbali ya dalaivala, dzimbiri linaboola mpaka umaona msewu ukuthamanga. Atate anadula thabwa la mlombwa, la chitseko cha nyumba yathu yoyamba, n'kulikhomera pamenepo. Chitseko chobiriwira chija sichinkatseka, ankachimanga ndi malegeni. Thanki ikadontha ankaikwecha ndi sopo. Kamutu ka giya katathyoka anasema kena ndi mpini wa nkhwangwa. Pa boneti panali chibowo chophwanyika, pamene ng'ombe ya munthu wina inagunda ndi mutu tikubwera ku Vubwi kokatenga chimanga chaka cha njala. Ng'ombe inadzuka n'kumapita, ife tinakhala tsiku lonse tikuwongola lediyeta ndi mwala. Mpando unaloweka mbali ya atate, ndipo ine nditayamba kuyendetsa ndinkakhala m'dzenje lawolo, ndi saka lopinda pansi chifukwa iwo anali aatali.

Amayi anatsogola. Atate atamwalira, galimoto yomweyo inakawatenga kuchipatala, ndipo tsiku loika anaikankha ndi adzukulu, anthu aja okumba manda. Pa kumeta, akuluakulu a banja anati galimoto ndi ya ana aamuna onse awiri. Mng'ono wanga anati palibe vuto, achimwene aziyendetsa. Ndinayendetsa ndithu, mmene ankachitira atate. Lamulo lija silinasinthe.

Vuto linabwera ndi chiliza. Titagwirizana kuti yakwana nthawi yomanga manda a atate ndi simenti n'kuika mwala, mng'ono wanga anabwera kudzakonza dongosolo. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iye maso ali pachulu. Kenako anatulutsa foni n'kuyamba kundionetsa zithunzi za magalimoto akale, onyezimira, atandandalika pa kapinga ku Lusaka, anthu akuwazungulira manja ali kumbuyo.

“Achimwene, motoka iyi ndi chuma, inu simudziwa chabe,” iye anatero. “Tiikonze ibwerere mmene inalili. Pa tsiku la chiliza itsogolere anthu kumanda. Ulemu wa atate.”

“Mmene inalili liti?”

“Oligino. Mmene inatulukira ku fakitale.”

“Atate anali komweko ikutuluka?”

“Mwayamba.”

“Ndikufunsa. Ine ndikudziwa mmene anaisiyira atate. Za ku fakitale sindinazione, iwenso sunazione.”

Anaseka, n'kunena kuti ndiye chifukwa chake pali zithunzi. Ine ndinamuuza kuti ngati ali ndi mphamvu, akonze mabuleki ndi injini basi. Mabuleki anali oipa ndithu, ndinkapopa ngati mjigo kuti agwire, ndipo utsi unali woti agalu a m'njira ankayetsemula. Anati chabwino, mabuleki, injini, ndi kupukuta pang'ono. Mawu akuti pang'onowo ndinawamva ndi makutu anga awa.

Ndinaipereka ndekha kwa mmisiri wina ku Katete, kuseri kwa msika, malo odzaza ndi mafupa a magalimoto. Munthu wake wanthabwala, wa ovolosi yong'ambika m'mawondo. Anaizungulira, anagogoda apa ndi apo, anakoka malegeni aja n'kuwasiya kuti alire.

“Akulu, iyi mwaibweretsa kuti tiichize kapena tiiike m'manda?”

“Mabuleki ndi injini. Zina musakhudze.”

“Tamva, akulu.”

Inali nyengo yokolola, ndinatanganidwa kumunda. Nditapeza mpata ndinakwera njinga kupita kukaona. Ndinalowa pamalopo n'kuidutsa galimoto yanga osaizindikira. Inali pa mathanthwe, yopanda matayala, yopanda zitseko, yopanda mpando, thupi lonse lotuwa ngati munthu wodzola phulusa. Boneti anaiwongola. Ndinayendetsa dzanja kufuna pamene panagunda ng'ombe, panalibe kanthu. Chitseko cha kumbuyo anachimata phala lawo lija n'kuchikwecha, pa manja a anthu paja osaonekanso. Pansi anawotchererapo chitsulo chatsopano.

“Thabwa lili kuti?”

“Thabwa liti, akulu?”

“Linali apa. La mlombwa.”

Anakanda m'mutu. Anayang'ana kutsidya kwa mpanda, kumene mayi wina amakazinga tchipisi. “Aa, lija. Amayi aja anapempha nkhuni. Koma linayaka bwino, akulu, lopanda utsi.”

Ndinatukwana. Sindibisa. Ndinatukwana iye, ndinatukwana garaja yake, ndinatukwana tchipisi. Anthu anasiya zimene ankachita n'kubwera kudzaonerera. Iye anangoima, akupukuta manja ndi kansanza, mpaka mawu anandithera.

“Mwamaliza, akulu? Ine ndimamvera amene akundiimbira foni. Mng'ono wanu amaimba m'mawa ndi madzulo, amatumiza zithunzi, amatumiza zipangizo pa basi. Inu munabwera kamodzi n'kusowa. Mukakambirane kunyumba, mundiuze chimodzi.”

Ndinamuimbira mng'ono wanga ndili pomwepo. Ndinamufunsa ngati uku ndi kupukuta pang'ono. Anati ndikhazike mtima pansi. Ndinamuuza kuti mtima wanga si galimoto yake yoti aziiuza poima. Ndinamuwerengera zonse zimene zatayika, thabwa, chitseko, mpini uja, mpando. Anandisiya ndilankhule. Kenako anayankha motsitsa mawu, ndipo zimene ananenazo zimandibayabe.

“Achimwene, mukuganiza kuti atate ankamanga malegeni chifukwa chowakonda? Unali umphawi. Inu mukufuna tisunge umphawi wawo ngati chithunzi cha pakhoma. Ine ankanditula ku sekondale, pobwerera ankapempha ana a sukulu kuti awakankhe, ana aja akuseka, ine ndili pomwepo. Tsiku lina anandiuza okha kuti, mwana wanga, ukadzaphunzira udzandikonzere galimotoyi ndidzaione ili yatsopano. Sindinakwanitse ali moyo. Mundiletsenso atafa?”

Ine mawu amenewo atate sanandiuzepo. Mwina anamuuzadi. Makolo amauza mwana aliyense zake. Ndinangodula foni. Ndinakwera njinga kubwerera kumudzi, ndipo sindinapitenso ku garaja kuja mpaka atanditumizira uthenga kuti yatha.

Ndinene zoona, inakongola. Penti wa mtundu wa mkaka, bampa yowala moti umadziona mano, mpando wofiira wonunkha guluu, magalasi onse athunthu. Mmisiri uja anandipatsa kiyi n'kunena kuti, “Tembenuzani, akulu, musaope, saluma.” Ndinatembenuza. Inalira nthawi yomweyo, mwakachetechete, ngati mphaka. Pa tala inkathamanga osanjenjemera. Mabuleki kungogusa, yaima. Mpando unali wokwera, wolimba, ndinkakhala ngati mlendo pa mpando wa eni ake. Ndinafika kumudzi n'kuikweza pachulu mmene ndinazolowerera. Mng'ono wanga, amene anali atafika kale ndi mkazi wake, alamu anga, anati ndiitsitse, ndiiike pamalo osalala, tiifunditse lona kuti fumbi lisaigwere. Anthu anaiona patali chabe. Za sitata palibe anawauza.

Tsiku la chiliza anthu anabwera ambiri. Atate ankadziwika, ananyamula midzi yonse yozungulira. Azimayi anali atafulula thobwa, akwaya anavala zoyera. Manda athu ali patali ndithu, kuseri kwa dambo, ndipo ganizo linali lakuti nkhalamba ndi odwala miyendo akwere galimoto, ena atsatire pansi. Tinachotsa lona. Anthu anati aa, ena anaomba m'manja. Mng'ono wanga nkhope inawala, ndipo ine kwa kanthawi ndinati mwina ndine wovuta chabe.

Kenako anafika adzukulu, akuchokera kumanda kumene anali kumalizitsa ntchito. Amene sadziwa za kwathu amve. Adzukulu si abale ako, ndi anthu a mabanja ena a m'mudzi, koma maliro akagwa pakhomo pako ndiwo amasambitsa, amakumba, amanyamula, amakwirira. Pa tsiku lotere eni manda ndi iwo. Akhoza kukunyoza, kukuseka, kukulanda chipewa, iwe umangoseka nawo. Suwakalipira. Mwana wamng'ono amadziwa zimenezi. Mng'ono wanga ankadziwanso, koma tauni imaiwalitsa.

Mkulu wawo ndi bambo wina wamfupi, wa mapewa aakulu, wamsinkhu wanga. Ndiye anatsikira m'dzenje kukalandira bokosi la atate. Anafika akuseka, manja ali mbuu ndi simenti.

“Taonani, nkhalamba yadzola mafuta,” iye anatero. “Ikufuna mwamuna kodi? Tiyeni anyamata, tiidzutse, dzuwa likukwera.”

Analavulira m'manja, anzake anafola kumbuyo monga kale, n'kuika manja pa chitseko chija. Ine ndinali pa chiwongolero. Ndinaponda kilachi n'kulowetsa giya wachiwiri osaganiza n'komwe, thupi linangochita lokha. Ndiye ndinamva mawu a mng'ono wanga.

“Iyayi, iyayi, chotsani manja. Mukanda penti. Ili ndi sitata manje, siyofuna kukankha.”

Zikanathera pamenepo, bwenzi anthu ataseka n'kuiwala. Koma iye anatulutsa kansalu koyera m'thumba la jekete, n'kuyamba kupukuta pamene panali manja awo. Anapukuta bwinobwino, dzanja ndi dzanja, akuuzira mpweya, anthu onse akuona. Ndinamuonera pa galasi. Ndinafuna kutsika, koma sindinatsike.

Akwaya anasiya nyimbo pakati. Mdzukulu uja anayang'ana zikhatho zake, kutsogolo ndi kumbuyo, ngati akuziona koyamba.

“Pepani bwana,” anatero, osakweza mawu. “Manja awa anasambitsa atate anu. Sitimadziwa kuti pa penti ndiye ndi akuda.”

Anatembenuka n'kuyamba ulendo wa kumanda, anzake pambuyo. Mng'ono wanga anazindikira kuti walakwa, nkhope inagwa, koma pofuna kukonza anawonjezera. Anati nkhalamba zikwere, wayala mphasa kumbuyo, kungoti ndodo ndi makasu zisakhudze m'mbali. Anapita kwa azakhali n'kuwagwira mkono.

“Azakhali, tiyeni, inu mukhale kutsogolo.”

“Ndikwere bwanji ine sindinakankhe?”

“Masiku ano sitikankha, azakhali.”

“Ndiye masiku ano sitikwera. Ndisiye, mwana wa achimwene anga, ndikaona mlongo wanga ndi miyendo yangayi.”

Ananyamuka ndi ndodo yawo, pang'onopang'ono, akukoka mwendo. Nkhalamba zina zinawatsatira. Palibe anakalipa, palibe anatukwana. Anangoyenda.

Ndinatembenuza kiyi uja. Kutsogolo tinakhala atatu, ine, mng'ono wanga ndi alamu. Kumbuyo kunali nkhata za maluwa ndi mphasa yopanda munthu. Galimoto imene inayenera kutsogolera inakhala pambuyo pa onse, chifukwa njira ya kumanda ndi yopapatiza ndipo palibe anapatuka. Sindinaimbe hutala. Ndinayenda ndi giya woyamba njira yonse, kutsatira msana wa azakhali, fumbi la mapazi a anthu likugwera pa boneti. Alamu ankangoyang'ana zikhadabo zawo. Pafupi ndi manda mng'ono wanga anati, “Achimwene, mukanandiuza.” Ndinati, “Ndikuuze chiyani? Unabadwira kuno.”

Mwambo unayenda. Mwala unavundukulidwa, abusa analalikira, anthu anadya. Madzulo ake amalume anamuitana mng'ono wanga kuseri kwa nyumba, ndipo m'mawa mwake anapita kwa adzukulu atanyamula tambala. Anagwada, anapepesa. Iwo analandira, anamuseka kuti tambala ndi woonda ngati malipiro a boma, anamulanda kansalu kaja n'kupukutira nsapato. Mlandu unatha. Kwathu mlandu wa pakamwa umatha ndi nkhuku. Ine ndinaganiza kuti zonse zabwerera m'malo.

Ku Lusaka mng'ono wanga amakhala nyumba ya lendi, mpanda ndi waung'ono, galimoto yake ya ku ntchito imadzaza kale. Ndiye yakaleyi inatsala kuno. Anagula malata, tinamanga shedi. Anandisiyira kiyi ndi malangizo. Ndiziiliza sabata iliyonse kuti batire lisafe. Ndisanyamule thonje, mbuzi, njerwa, manyowa. Mvula ikagwa isatuluke. Akapeza malo adzaitenga kuti akaionetse pa kapinga paja.

Ndinakhala mlonda wa galimoto ya atate anga. Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndinkachotsa lona, kuiliza, kukhala m'menemo ikungolira pamalo amodzi, kuizimitsa, kuifunditsa. M'mawa pachulu sipankabweranso munthu. Poyamba ndinkadzukabe molawirira, n'kumayang'ana kunjira. Anthu ankadutsa, kupereka moni, kupitirira. Odwala ankapita pa ngolo kapena pa njinga zamoto za anyamata aja othamanga ngati amisala. Azakhali anadwala chifuwa, anawanyamula pa ngolo ya ng'ombe mpaka ku tala, ine osauzidwa. Ndinamva atabwerako. Ndinapita kukawafunsa chifukwa chake sananditume. Anati, “Tinaopa kusanza pa mpando wofiira.”

Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba nditakwiya. Mkazi wanga anati ndidye kaye. Sindinadye. Ndinati theka la galimoto iyi ndi langa, akuluakulu ananena pa kumeta, ndipo theka langalo ligwira ntchito.

Inali nyengo yogulitsa mtedza. M'mawa ndinaitulutsa m'shedi, ndinachotsa mphasa ija, ndinakweza matumba anga. Thumba lina linali ndi waya pakamwa, ndipo polikoka linalemba mzere wautali m'mbali mwa bodi, penti n'kutupuka. Ndinauyang'ana mzerewo, mtima unakhala pansi koyamba chichokereni ku garaja. Ndinanyamuka.

Pa dambo ndinapeza anthu akupita ku tala. Panali azimayi ndi mitolo pamutu, ndi mdzukulu uja akukankha njinga yolemedwa ndi matumba awiri, thukuta lili chuchuchu. Ndinaima pambali pawo.

“Kwerani, ndikupita ku Katete.”

Azimayi anayang'anana. Wina anati, “Pitani achimwene, tingakande.”

“Ndakanda kale ine. Bwerani muone.”

Mdzukulu uja anatsamiritsa njinga pa ntchafu, anasuzumira mzere uja, anagwedeza mutu. “Mng'ono wanu akuphani.”

“Zimenezo ndi zanga. Kwezani matumbawo.”

“Mtengo wake?”

“Palibe mtengo. Munayamba mwalipira liti galimoto iyi?”

“Timalipira, akulu. Timalipira ndi msana. Munthu umakwera uli ndi mphamvu zonena kuti dalaivala chepetsa liwiro, chifukwa waidzutsa ndiwe. Tsopano tikwere ngati ndani? Ngati opempha? Tikhale phee kumbuyoko, manja pamiyendo, tikafika tinene zikomo bwana?”

“Ine si bwana. Mukundidziwa.”

“Inu tikukudziwani. Iyi ndiye sitikuidziwa.”

Ndinatembenuza kiyi, injini inazima. Kunangomveka achule a m'dambo. Ndinati, “Nayo, yazima. Kankhani.”

Anaseka mpaka njinga inafuna kugwa. Azimayi aja nawonso anaseka, osati monyoza, koma mmene umasekera munthu amene wamumvera chisoni.

“Akulu, ndife ana ife? Tikankhe galimoto yamoyo, kiyi ali pomwepo tikumuona? Mukufuna tisewere masanje pa msewu? Lizani muzipita, mtedza utsika mtengo dzuwa likakwera.”

Anaweramira njinga yake n'kupitiriza kukankha. Azimayi anakonza nkhata pamutu n'kumutsatira. Ndinakhala pamenepo mpaka anakwera mtunda wa kutsidya. Ndinaganiza zochotsa sitata ija n'kuiponya m'dambo. Sipanala inali pansi pa mpando. Koma ndinadziwa kuti mudzi wonse udzamva kuti ndachotsa dala, ndipo adzati ndi masanje omwe aja. Ya atate inafa yokha, ndi ukalamba, ndipo anthu ankakankha chifukwa panalibe njira ina. Zimenezo sungazipange ndi sipanala.

Ndinailiza. Ndinawadutsa pang'onopang'ono kuti ndisawathire fumbi. Mdzukulu uja anakweza dzanja, ine ndinakweza langa.

Ku Katete anthu anaizungulira, anyamata ankajambulitsa ataima pambali pake, wina anandifunsa ngati ndimabwereketsa pa ukwati. Ndinagulitsa mtedza, ndinabwerera ndekha, kumbuyo kukungolira matumba opanda kanthu. Nditaiika m'shedi ndinapempha mkazi wanga kuti ajambule mzere uja ndi foni yake, titumize ku Lusaka. Ndinkafuna akalipe. Ndinali nditakonza mawu onse oti ndimuyankhe, ndinawasunga kuyambira tsiku la thabwa lija.

Anaimba madzulo. Sanakalipe. Anafunsa za azakhali, anafunsa ngati mtedza unayenda bwino. Kenako anati, “Za mzerezo musadandaule, achimwene, ndi zazing'ono. Penti anatsalako, ndinasunga kachitini. Ndidzatumiza pa basi, mmisiri uja adzapakapo, simudzaona n'komwe kuti panali kanthu.”

Ndinati chabwino.

Kachitini kanafika. Kali pawindo, sindinapite nako ku Katete, ndipo iye sanafunsenso. Mtedza wa chaka chino ndinatumiza pa ngolo ya anzathu a kuseri. Galimoto ndimailizabe Lamulungu, chifukwa batire likafa adzagula lina, ndipo ndatopa kulandira katundu pa basi.